Khanda Liyamwe Bere Lokha Mpaka Miyezi 6

Mwana akangobadwa, agonekedwe pachifuwa pa mayi ake ndipo ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe. Mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wokhuthala, musaufinyire pansi. Ndi umene umam'patsa mwana chitetezo ku matenda. Umatuluka pang'ono, inde, koma kamimba ka mwana wa tsiku limodzi n'kakang'ono ngati nthudza, choncho umam'kwanira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi Unduna wa Zaumoyo amalangiza kuti kwa miyezi 6 mwana aziyamwa bere lokha. Osam'patsa madzi, tiyi, phala lamadzimadzi kapena mankhwala achikuda. Apa m'pamene ambiri timaphonya, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo kuno ku Chipata ngakhale ku chigwa cha Luangwa. Agogo ndi apongozi, tikudziwa kuti mumachita chifukwa cha chifundo mukaona mwana akulira, koma mkaka wa m'mawere uli kale ndi madzi okwanira. Madzi a pachitsime angam'tsegule m'mimba, komanso amadzaza kamimba kaja mwana n'kuleka kuyamwa bwino. Madziwo apatseni mayi ake, amwe ndi iwo.

Amayi ambiri amadandaula kuti mkaka sukutuluka. Bere limapanga mkaka malinga ndi mmene mwana akuyamwira, ndiye muyamwitseni nthawi iliyonse akafuna, usana ndi usiku, kosachepera ka 8 patsiku. Yang'anitsitsani mmene wagwirira bere: ayasamule kwambiri, chibwano chigunde bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo mbali yakuda ija yozungulira nsonga ilowe yambiri m'kamwa. Akamayamwa kunsonga kokha, nsonga zimang'ambika, mayi amamva ululu, mwana sakhuta. Mulekeni amalize bere limodzi musanam'sinthe, poti mkaka wakumapeto ndiwo uli ndi mafuta. Akamanyowetsa matewera ka 6 kapena kuposa patsiku, ndipo kusikelo akukwera, dziwani kuti akukhuta.

Mukamapita kudimba kapena kumsika wa Kapata, sambani m'manja, finyirani mkaka m'kapu yoyera n'kuvundikira. Wosamala mwana am'mwetse ndi kapu, osati botolo, maola 4 asanathe. Amene muli pantchito, lamulo la zantchito la Zambia la Employment Code Act la 2019 limakupatsani ola limodzi patsiku loyamwitsira mwana. Abambo, nanunso tungani madzi, tolani nkhuni, kuti mayi apeze mpata wokhala pansi ndi kudya mokwanira.

Mayi amene ali ndi HIV ayamwitse ndithu, bola azimwa ma ARV tsiku lililonse osadumphitsa, mwana alandire mankhwala ake omuteteza ndi kupimidwa pa masiku amene anamwino anena.

Miyezi 6 ikakwana, yambani phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira kapena kapenta wosinja, koma bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposa.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati khanda likukana bere, latentha kapena kuzizira thupi, likupuma mobanika, likukomoka, kapena maso achita chikasu. Chimodzimodzi ngati bere la mayi latupa, lafiira ndipo thupi likutentha. Musasiye kuyamwitsa muli m'njira.