Katsitsumzukwa wa m'mphika ndi ziweto za m'nyumba

Okonda maluwa a m'nyumba ambiri ali nako kachomera kofewa ngati nthenga kotchedwa asparagus fern. Dzinalo limasocheretsa, pakuti si fern ayi (fern ndi chomera cha masamba ngati nthenga chimene sichichita maluwa kapena kubala zipatso). Ndi mtundu wa katsitsumzukwa, ndipo kwawo ndi kumwera kwa Africa. M'miphika timaona kwambiri Asparagus setaceus wa zipatso zakuda ndi Asparagus densiflorus wa zipatso zofiira. Tinthenga timene mumasirirato ndi tinthambi. Masamba enieni ndi ang'onoang'ono, ndipo patsinde lokhwima amasanduka minga, ndiye podulira valani magolovesi.

Kusamala kwake sikuvuta. Kaikeni pafupi ndi zenera, powala bwino koma posafika dzuwa la masana. Pisani chala m'dothi, mukapeza kuti lauma masentimita 2 kapena 3, thirirani mpaka madzi atuluke kunsi kwa mphika. Tinthenga tikachita chikasu n'kumayoyoka, kawirikawiri ndi ludzu kapena mpweya wouma.

Ine monga dokotala wa ziweto, nkhawa yanga ili pa zipatsozo. M'chomerachi muli mankhwala otchedwa sapogenin. Mphaka kapena galu akatafuna zipatso amasanza, amatsegula m'mimba, nthawi zina n'kukana chakudya chifukwa cha ululu. Mphaka kapena galu wamkulu nthawi zambiri amachira, chifukwa poizoniyu saopsa ngati wa maluwa a lily amene amawononga impso za mphaka. Koma kamwana ka mphaka kakasanza kangapo kamatha madzi m'thupi msanga, ndipo apo pokha ndi posazengereza. Palinso vuto limene eni ake amachedwa kulizindikira: chiweto chokonda kudzikhula pachomerachi tsiku ndi tsiku chimafiira khungu n'kumadzikanda, mwini n'kumaganiza kuti ndi utitiri.

Mphaka ndiye amandivuta kwambiri. Nthambi yolendewera ikagwedezeka amaiwakha, ndipo shelefu yaitali siimuletsa. Kolekani mphikawo kudenga, kutali ndi mipando yoti angadumphirepo, ndipo timaluwa take toyera tikangotuluka tidulenitu tisanabale. Zipatso zogwa pansi muzisese tsiku lomwelo.

Chiweto chikadya, chotsani zotsala m'kamwa, chipatseni madzi, ndipo chonde musachimwetse mchere kuti chisanze. Mcherewo ungachivulaze kuposa zipatsozo. Popita kwa dokotala tengani kanthambi kuti tidziwe chimene chadya. Ngati mphaka wanu sasiya kutafuna, sinthani chomeracho ndi Boston fern, amene alibe poizoni kwa amphaka ndi agalu.