Mlatho umayamba wanyamula katundu mu kompyuta

Lole yodzaza shuga yochokera ku Dwangwa ikamawoloka mlatho wa pa Bua, pa msewu wa M5, kulemera kwake sikugawika mofanana. Pena konkire imapanikizika, pena zitsulo za m'kati zimakokeka, ndipo pali timalo tina, makamaka pomwe mtanda wakhala pa chipilala, pamene mphamvu imaunjikana. Ife mainjiniya timayenera kuwadziwa malo amenewa thumba loyamba la simenti lisanatsekulidwe. Njira yomwe timadalira kwambiri masiku ano imatchedwa finite element method.

Masamu owerengera mlatho wonse pakamodzi ndi olemera, ovuta kwambiri kuwachita pa pepala. Koma khalidwe la kachidutswa kakang'ono timalidziwa bwino: ukakakoka pang'ono, kamatamuka molingana ndi mphamvu yomwe wakokera, monga analembera wasayansi Robert Hooke mu 1678. Ndiye timajambula mlathowo mu kompyuta n'kuugawa tizidutswa tambirimbiri ta makona atatu kapena anayi, tolumikizana pa mfundo ngati khoka la asodzi a ku Senga Bay. Mfundo imodzi ikasuntha, imakoka zinzake zoyandikana nazo. Kompyuta imawerengera kusuntha kwa mfundo zonse nthawi imodzi, kenako n'kutionetsa chithunzi chamitundumitundu, kawirikawiri chofiira pomwe pakupanikizika kwambiri. Pamene tikukayikira kuti pangachite mng'alu, timachepetsa maso a khokalo kuti yankho lifike pafupi ndi zenizeni.

Njirayi inakula ndi ntchito yopanga ndege. Katswiri wa masamu Richard Courant anagwiritsa ntchito tizidutswa ta makona atatu mu 1943, akatswiri ogwira ntchito ndi kampani ya Boeing anaionetsa pa mapiko a ndege mu 1956, ndipo injiniya Ray Clough ndiye anaipatsa dzina mu 1960.

Chithunzi chokongola cha pa kompyuta chimatha kunama, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Pa 23 Ogasiti 1991, maziko a konkire a Sleipner A, nsanja yokumbira gasi pa nyanja ku Norway, anamira akuyesedwa pafupi ndi mzinda wa Stavanger. Kafukufuku anapeza kuti mu kompyuta tizidutswa ta m'makona ena tinagawidwa molakwika, moti mphamvu yofuna kung'amba khoma inawerengedwa yochepa ndi 47 peresenti. Khoma linang'ambika, madzi n'kulowa. Masamu analibe vuto. Kompyuta inangoyankha zomwe inafunsidwa.

Kwathu kuno kunyanja ngozi yaikulu ili pansi, pomwe sitiona. Milatho yambiri imagwa chifukwa madzi osefukira akumba mchenga kuzungulira chipilala mpaka maziko kutsala m'malere, kapena akokolola dothi lolumikiza mlatho ndi msewu. Woyendetsa galimoto amaona pamwamba pali bwinobwino pamene pansi pafukulika kale. Injiniya akauza kompyuta kuti chipilala chakhala pa nthaka yolimba pomwe chili pa mchenga wonyowa kapena pa makande a m'dambo, omwe amafufuma nthawi ya dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, yankho lonse limakhala lolakwika ngakhale tizidutswa tichuluke bwanji. Tisaiwalenso kuti tili m'chigwa cha Rift Valley. Chivomerezi cha mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima, choncho kugwedezeka kwa nthaka nakonso kuyenera kulowa m'mawerengedwe.

N'chifukwa chake ndimakana kusainira pulani yomwe nthaka yake sinabooledwe n'kuyesedwa. Ndimafunanso kuti wina apite kwa akuluakulu a m'mudzi wapafupi akamuloze pa mtengo kapena pa khoma pomwe madzi anafika chaka chomwe mtsinje unalusa kwambiri. Inu a komiti ya chitukuko, kontrakitala akabwera ndi zithunzi zamitundu, mufunseni kuti anaboola maenje angati m'mbali mwa mtsinje, anafika pakuya bwanji, ndipo anapeza dothi lanji.