Misonkhano ya Anthu Ofuna Kusiya Mowa: Koipeza ndi Zimene Zimachitikako

Uchidakwa ndi matenda. Munthu akamwa mowa wambiri kwa nthawi yaitali, ubongo ndi thupi zimauzolowera, moti kulimba mtima pakokha nthawi zambiri sikukwanira kuti asiye. Thandizo lina, lomwenso ndi laulere, limapezeka pamisonkhano ya anthu amene akulimbana ndi vuto lomweli.

Yambani mwaonana ndi achipatala

Ngati mumamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutalawako, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, thupi limayamba kuvuta: thukuta, nseru, mtima kuthamanga, kusowa tulo. Ena amagwa ngati odwala khunyu m'masiku awiri oyamba. Ena pofika tsiku lachitatu mutu umasokonezeka, n'kumaona zinthu zoti palibe. Zimenezi zikhoza kupha munthu. Achipatala ali ndi mankhwala othandiza kudutsa masiku amenewa bwinobwino, komanso ena ochepetsa chibaba, monga naltrexone ndi acamprosate. Kumsonkhano kulibe dokotala, ndipo sapereka mankhwala.

Magulu amene alipo

Gulu lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron, ku Ohio m'dziko la America, pamene Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith, onse awiri ovutika ndi mowa, anaona kuti akamakambirana okhaokha amatha kukhala osamwa. Lero gululi lili m'mayiko pafupifupi 180, ndipo limatsatira masitepe 12, omwe ndi mfundo zotsogolera munthu posiya mowa. Kuti mulowe, chofunika n'chimodzi basi: kufuna kusiya kumwa.

AA si mpingo, ngakhale masitepe ake amatchula Mulungu monga mmene aliyense amamumvetsera. Amene safuna zauzimu angayese SMART Recovery, gulu lomwe linayamba mu 1994 ndipo limaphunzitsa njira zolamulira maganizo ndi chibaba. Achibale nawonso ali ndi gulu lawo, Al-Anon, lomwe linakhazikitsidwa mu 1951, ndipo mukhoza kupitako ngakhale m'bale wanuyo akukana kusiya.

Mungaipeze bwanji?

Funsani dokotala, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wamaganizo. Mukhozanso kulemba dzina la gululo ndi la dera lanu pa intaneti. Musadabwe mukapeza kuti akukumana m'chipinda cha tchalitchi kapena cha sukulu, amangobwereka malo. Kumene kulibe gulu pafupi, pali misonkhano ya pa foni ndi ya pa Zoom, ndipo yambiri imalola kulowa kamera ili yotseka. Malamulo a AA amalolanso anthu awiri kapena atatu ofuna kusiya mowa kuyambitsa gulu lawo.

Musanapite, funsani ngati msonkhanowo ndi wa aliyense kapena wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa. Ku wa aliyense mukhoza kupita ndi wokuperekezani.

Tsiku loyamba

Ambiri amabwerera pakhomo chifukwa cha manyazi: nanga ndikakapezako wondidziwa? Mukamupeza, dziwani kuti chamubweretsa ndi chomwe chakubweretsani inuyo.

Nthawi zambiri msonkhano umatenga ola limodzi. Anthu amangotchula dzina loyamba, salembetsa, ndipo palibe ndalama yolowera, kupatula chopereka chaufulu cholipirira chipinda. Mmodzi akamafotokoza zimene wadutsamo, ena amamvetsera osamudula mawu kapena kumudzudzula. Inu simukakamizidwa kulankhula. Kunena kuti "lero ndingomvetsera" n'kokwanira, ndipo kunena zoona, kumvetsera n'kumene kumathandiza kwambiri poyamba, chifukwa mumamva mabodza amene mwakhala mukudzinamiza nawo akutuluka pakamwa pa munthu wina.

Ku AA sakuuzani kuti mulumbire kusiya mowa moyo wanu wonse. Amati musamwe lero lokha, za mawa tikaona mawa. Pakapita nthawi mumasankha munthu amene wakhala osamwa kwa nthawi yaitali, yemwe amatchedwa sponsor, woti muzimuimbira foni chibaba chikakugwirani.

Magulu amasiyana. Lina limachulukitsa mapemphero, lina kuseka, lina ndi la amayi okha. Loyamba likapanda kukusangalatsani, yesani lina, ndipo pitani kangapo musanaweruze.

Zofunika kusamala

Zolankhulidwa mumsonkhano zimayenera kuthera momwemo, koma chinsinsi chimenechi chimadalira kukhulupirirana, si lamulo la boma. Nkhani zozama kwambiri kauzeni mlangizi. Wina akakuuzani kuti musiye mankhwala amene dokotala anakupatsani, musamumvere. Wokupemphani ndalama kapena chibwenzi potengerapo mwayi kuti ndinu watsopano, mukaneni ndipo muuze wotsogolera msonkhano. Ngati mukuganiza zodzipha, musadikire tsiku la msonkhano, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Mukamwanso

Kubwerera ku mowa kumachitikira ambiri amene akuyesa kusiya, ndipo gulu silichotsa munthu chifukwa choti wamwanso. Pitani kumsonkhano wotsatira mukanene zimene zachitika. Ngati mwamwa kwambiri kwa masiku otsatizana, dzerani kaye kuchipatala musanayesenso kusiya.