Zoti kuvina n'kwa atsikana okha, ayi ndithu

Makolo ambiri kuno ku Blantyre mwana wamwamuna akangoti ndikufuna sukulu yovina, yankho limakhala iii zimenezo n'za atsikana, kasewere mpira uko. Koma abale, beni wa ku Mangochi amavina ndani? Nanga malipenga a ku Nkhata Bay? Ingoma ya ku Mzimba, si azibambo aja atanyamula zishango thukuta lili kamukamu? Kuvina kumalimbitsa miyendo ngati mpira womwewo basi.

Ndiye posankha sukulu musavutike kuwerenga kuti anyamata alipo angati, pitani mukaonerere pulakatisi, muone ngati aphunzitsi amayamba awatenthetsa thupi anawo asanadumphe, muyang'anenso pansi, pa simenti mawondo amapweteka msanga, pa matabwa ndiye bola.