Grande Hotel ya ku Beira, nyumba ya olemera imene idatsalira osauka

Ku Ponta Gea, m'mphepete mwa nyanja yamchere mumzinda wa Beira ku Mozambique, kuli chinyumba chimene lero mukukhala anthu oposa 1,000. Eni ake sadamangire iwowa ayi. Apwitikizi adatsegula Grande Hotel m'zaka za m'ma 1950, maso ali pa azungu a ku Rhodesia ndi South Africa kuti azidzadyerako ndalama zawo. Makwerero adali otakasuka, maholo aakuluakulu, panja dziwe losambiramo la mipikisano. Koma chilolezo cha kasino, malo otchovera juga, sichidatuluke, ndipo alendo ambiri ankakonda kukagona kotchipa ku gombe la Macuti. Pofika 1963 hoteloyo idatseka zitseko isadapangepo phindu.

Nthawi zina ankaitsegula pakagwa mwambo waukulu. Mu 1971 mudachitikira ukwati wa mwana wamkazi wa Jorge Jardim, mkulu uja ankagwirizana kwambiri ndi Kamuzu mpaka kukhala kazembe woimira Malawi ku Beira komweko.

Ufulu utabwera mu 1975, boma la Frelimo lidailanda, ndipo m'zipinda zapansi ankatsekeramo akaidi. Kenaka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idabalalitsa anthu m'midzi. Ena adawolokera kwathu kuno ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu, ena adathawira ku Beira n'kupeza denga m'hoteloyi. Nkhondo idatha mu 1992, iwo sadachoke. Akadalowera kuti? Ana amene adabadwiramo pano nawonso ndi makolo.

Magetsi mulibe, mipope idauma kalekale. Matabwa a pansi adawazula n'kusonkhera moto, mawindo ndi mawaya zidagulitsidwa njala itavuta. M'dziwe lija mumadikha madzi a mvula obiriwira, amayi n'kumachapiramo zovala. Mitengo idamera pamakhonde, mizu yake ikung'amba simenti, ndipo ana amasewera pafupi ndi mabowo a zikepe opanda chotchinga chilichonse. Izi zimandiwawa kwambiri.

Komabe amene amawatcha akuba malo sadaone mmene akukhalira. M'makonde muli timaokala ta tomato, makala ndi nsomba zouma. Muli tchalitchi, muli mzikiti, ali ndi atsogoleri awo oweruza milandu. Mukamva Chisena chikulankhulidwa pamakwerero mungayese muli ku Nsanje.

Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai adasasula madenga mumzinda wonse wa Beira, koma chinyumbachi chidaimabe ndi anthu ake. Chomwe akusowa mpaka lero ndi madzi aukhondo, zimbudzi, ndi wina wodzayeza ngati makomawo angapirirenso namondwe wina.