Kodi Wokoka Zitsulo ndi Matsenga Angapambane Nkhondo?

M'nthano ndi m'mafilimu a zamatsenga mumapezeka munthu amene amangotambasula dzanja, malupanga a adani n'kuyamba kuuluka kupita kwa iye. Ana amene ndimawaphunzitsa fizikisi kuno ku Lilongwe amandifunsa ngati mphamvu yotereyi, itati igwire ntchito ngati maginito, ingamupambanitse mwini wake, ndipo yankho langa siliwasangalatsa.

Chinenero chathu ndicho chimayamba kutisokoneza, chifukwa timangoti "chitsulo" ngakhale tikunena poto wa aluminiyamu kapena waya wa kopa. Maginito amasankha. Amakoka ayironi, nikelo ndi kobalti, koma mkuwa, mtovu, golide ndi siliva sazilabadira n'komwe, ndipo ogula zitsulo zakutha amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kamaginito kochotsa m'sipika ya wailesi kamawakwanira posiyanitsa katundu. Wamatsenga wathuyu akanakumana ndi Angoni a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu 1835, mwina akanawalanda nthungo, koma chishango n'chachikopa cha ng'ombe ndipo chibonga n'chamtengo, choncho mutu wake ukanaphwanyidwabe.

Mtunda nawo ndi mdani wake. Mukatalikira maginito kuwirikiza kawiri, mphamvu yake imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8. Makina ojambulira odwala a MRI, amene ambiri amakhala ndi maginito amphamvu kwambiri a matesila 1.5 kapena 3 (tesila ndi muyeso wa mphamvu ya maginito), amatha kutsomphola silinda ya okosijeni ikalowa m'chipindamo, komabe munthu woyenda panja makiyi ake sagwedezeka m'thumba. Woponya mivi ataima patali alibe chodera nkhawa.

Chimene olemba nthano amachilambalala kwambiri ndi kumene chitsulo chokokedwacho chimapita. Chimalunjika kwa wokokayo. Mkondo uli ndi chitsulo kunsonga ndi mtengo kumbuyo, motero ukakokedwa umatsogoza kakuthwa, ndipo liwiro lake limawonjezeka pamene ukuyandikira, popeza mphamvu ija imakula pafupi. Muvi umene ukanamuphonya iye mwini amauwongolera pachifuwa pake. Palinso lamulo lachitatu la Isaac Newton, lofalitsidwa mu 1687, lonena kuti chimene ukukoka nachonso chimakukoka mofanana. Munthu wa makilogalamu 70 akafuna kukoka chipata chachitsulo chozikika pakhoma, wouluka ndi iyeyo, monga zimachitikira mwana wokoka ng'ombe yokana kuyenda.

Ena amati angakoke ayironi wa m'magazi a mdani. Munthu wamkulu ali ndi magalamu pafupifupi 4 okha a ayironi m'thupi lonse, ndipo ndi womangika m'njira yoti sakokeka ngati msomali; zikanakhala zotheka, palibe akanatuluka wamoyo mu MRI.

Sikuti mphamvuyi ndi yachabe. Pafupi, pa sitepe ziwiri kapena zitatu, kukoka pang'ono chabe kungapotoze lupanga pamene mdani akutema, kapena kumugwetsa wovala malaya achitsulo, ndipo pankhondo kamphindi kameneko n'kokwanira. Ine ndikanakhala mtsogoleri wa asilikali m'nthano yotere, munthuyu sindikanamuika kutsogolo ayi. Ndikanamuvula chitsulo chilichonse, kumumangirira kuseri kwa mlambe waukulu m'mbali mwa njira yopapatiza, n'kumuuza kuti akoke adani akamadutsa, kuti nthungo zonse zikathere m'thunthu la mtengowo.