Dizilo sachapa injini

Ambiri akagula galimoto yakale yochokera ku Japan, n'kutsegula potsirira oyilo n'kupeza phala lakuda bii ngati phula, amathamangira kuthira dizilo kapena parafini mu injini, ati ichapike. Nzeru imeneyi ndi yakale, koma yapha injini zambiri.

Phala lija limapangika oyilo akakhalitsa osasinthidwa, makamaka m'galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi m'tauni, yozimitsidwa injini isanatenthe mokwanira kuti chinyezi chiuluke. N'chifukwa chake ngakhale yamakilomita ochepa imapezeka nalo. Dizilo amaligumula mwadzidzidzi, zibuluma n'kugwera mu sampu (beseni lapansi pa injini momwe mumakhala oyilo), kukatseka kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo. Komanso dizilo ndi wamadzimadzi, sateteza zitsulo zokhulana. Oyilo akasiya kufika ku ma bearing (tizitsulo tomwe shafiti ya injini imazungulirapo), injini imayamba kugogoda, ndipo apo ndalama zalowa m'madzi.

Phalali limafuna kuleza mtima. Thirani oyilo wabwino wa giredi yomwe buku la galimotoyo likunena, n'kumusintha pamodzi ndi fyuluta pakatha makilomita pafupifupi 1,500, kawiri kapena katatu. Ngati phalalo ndi lochindikala, makaniko atsitse sampu, atsuke kasefa kaja ndi manja. Kagetsi kofiira ka oyilo kakayaka muli pamsewu, zimitsani injini pompo.